Ana asapite kumudzi chimanjamanja

Tchuthi chachikulu chikafika mu Ogasiti, mabasi ochokera ku Lilongwe amatsitsa ana pa Kamwendo, pamphambano ya msewu wopita ku Kasungu. Mabanja a kumeneko amawalandira popanda malipiro, ngakhale ena mwa anawo ndi a anzawo chabe. Tikuwathokoza kwambiri. Mwana wobadwira ku Kawale kapena ku Chinsapo amaphunzira kusenda mtedza, kuthirira ndiwo kudimba ndiponso kugwada polankhula ndi akulu, zinthu zimene mphunzitsi sangazilembe pabolodi.

Koma tili ndi mawu kwa makolo a m'tauni. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, komatu mwana wokhala mwezi wathunthu si mame ayi, amadya. Chimanga chimene akudyacho ndi chomwe banjalo lidzachisowe mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka. Eni nyumba sangatchule zimenezi, amachita manyazi. Motero tikupempha kuti mwana aliyense anyamule sopo, mchere, shuga, masikito, ndalama ya kuchigayo ndiponso ya basi yobwerera. Auzidwenso asananyamuke kuti anzake akamapita kumjigo, nayenso adzatenge ndowa.