Guendolen sinkayenda yokha

Mukamawoloka mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria pali mzinga wakale. Unachokera m'sitima yankhondo yotchedwa Guendolen, imene zitsulo zake zinabwera kuchokera ku Britain n'kudzalumikizidwa pa Fort Johnston, Mangochi ya lero. Inalowa m'madzi mu 1899, ndipo dzina inatengera kwa mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain nthawiyo.

Chimene anthu amakonda kukamba ndi za mu Ogasiti 1914. Nkhondo itangobuka ku Ulaya, Kaputeni Edmund Rhoades anatumidwa kukasaka sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiwombera. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, anali mnzake womwera limodzi, ndipo anali asanamve kuti kunja kwavuta. Anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, basi n'kugwidwa ukaidi. Ku London, nyuzipepala ya The Times inalemba kuti Angerezi apambana panyanja ya Nyasa. Mu Meyi 1915 Angereziwo anabwereranso kukaiphwasula Wissmann.

Nkhaniyi imaseketsa, koma ine imandiwawa chifukwa imathera pa azungu awiri. Guendolen inkayendera nkhuni. Panali anthu ogwetsa mitengo m'mbali mwa nyanja, ena ounjika milu pamadoko, ena osenza kulowetsa m'sitima, ndiponso osonkhezera moto kunsi kuja kotentha, usana ndi usiku. Wissmann italemala, nyanja yonse inakhala msewu wa Angerezi. Asilikali a Keyala, zipolopolo ndi chakudya zinkapita kumpoto pamadzi, ndipo pa 9 Seputembala 1914 ku Karonga kunagwa anthu ambiri, ochuluka mwa iwo akuda, mbali zonse ziwiri. Mu 1916 General Edward Northey atalowa m'dziko la Ajeremani, katundu wotsika m'sitima ankathera pamitu ya atengatenga, okwera naye mapiri mpaka ena kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Agogo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya. John Chilembwe anali atalembera kale nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti osauka akufera nkhondo yosakhala yawo.

Kuno ku Perth ku Australia, komwe ndimagwira ntchito, sitima yankhondo saikumbuka ndi dzina la kaputeni lokha. HMAS Perth inamira pa 1 Malichi 1942 ku Sunda Strait, ndipo anthu 353 anafera pomwepo, pamodzi ndi Kaputeni Hector Waller. Wosonkhezera moto ndi wophika amawerengedwa limodzi naye, ndipo zidzukulu zimadziwa kokafunsa.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum ku Mangochi ikuchita bwino kusonyeza mmene Guendolen inkaonekera. Ndikupempha kuti ipite patsogolo, ifufuze anthu akuda amene ankaiyendetsa. Ku National Archives ku Zomba kuli mapepala a boma la atsamunda. Melvin Page anacheza ndi asilikali ndi atengatenga otsala m'zaka za m'ma 1970, ndipo zimene anamuuza zinalowa m'buku lake la The Chiwaya War. Ku Mangochi, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga kuli mabanja amene akadatchulabe kuti agogo awo ankagwira m'sitima. Ophunzira za mbiri yakale ku Yunivesite ya Malawi angayambire kumeneko, akuluakuluwo akadali moyo.