Mafakitale a mowa waukali atsegule mageti

Mukatsika minibasi pa Lumumba Road ku Lusaka n'kulowa m'misewu ya Heavy Industrial Area, monga Mungwi, Buyantanshi kapena Sheki Sheki, mumangoona mipanda yaitali, waya wamagetsi pamwamba, ndi mageti achitsulo okhala ndi kabowo kosuzumirapo mlonda. Kuseri kwa ina mwa mipandayi n'kumene kumachokera timabotolo ta mowa waukali timene tadzaza m'tuntemba ta ku Matero, George ndi Kanyama. Ife oyandikana nawo timawadziwa malole ake, timawadziwanso anyamata amene amam'mawira pageti kudikira ganyu yopakira makatoni. Koma chimene chimathiridwa m'botolomo palibe amachidziwa. Ine ndikuti fakitale yopanga chakumwa champhamvu chotere isapatsidwe laisensi ngati siyilola anthu kuona mmene imachipangira.

Maganizowa anandilimba nditapita kutchuthi ku Mauritius. Ku Chamarel, kumapiri a kumwera chakumadzulo kwa chilumbacho, kuli fakitale ya rum imene inatsegulidwa mu 2008, pakati pa minda yake ya nzimbe. Mlendo amalipira pakhomo, wantchito n'kumuyendetsa paliponse. Nzimbe zodulidwa pamanja zimafinyidwa tsiku lomwelo, madzi ake asanayambe kusasa okha. Madziwo amawathira yisiti m'matanki kuti awire, kenako amawatcheza m'ziwiya zamkuwa. Mayi amene ankatiperekeza anatiimika pamene mowa umatulukira, natiuza kuti woyamba kudontha amaupatula chifukwa ndi woluma ndipo uli ndi zosafunika m'thupi, wotsirizanso amaupatula, wopita m'botolo ndi wapakati wokha. Tinalowanso m'chipinda cha migolo yamatabwa mmene wina amakhala zaka kuti akhwime. Mlendo wina anafunsa mafunso mpaka anzake kutopa, koma mayiyo sanakwinye nkhope.

Sikuti zonse za kumeneko n'zoyera. Nzimbe za pachilumbacho zinalimidwa ndi akapolo, ambiri ochokera ku Mozambique ndi Madagascar, mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1835. Pambuyo pake panabwera antchito a kontrakiti ochokera ku India, amene ankatsikira pa Aapravasi Ghat ku Port Louis. Ndipo ulendo wa m'fakitale ndi malonda ndithu, umathera m'shopu. Komabe wopanga amene tsiku ndi tsiku alendo akumusuzumira m'matanki sangachite zachinyengo mosavuta. Izi n'zimene ndinasirira, osati kukoma kwa rum.

Kuno kwathu ambiri opanga mowa wotchipawu satcheza okha. Amagula sipiriti yotcheza kale, n'kuisungunula ndi madzi, n'kuthiramo fungo ndi mtundu: iyi ikhale jini, iyi burande, iyi ya chinanazi. Njirayo payokha si mlandu, ndipo m'mayiko ambiri amachita chimodzimodzi. Nkhani yagona pa sipiritiyo. Yomwa ndi ethanol. Koma pali inanso, methanol, ya ntchito za m'mafakitale, yooneka mofanana ndiponso yonunkha mofanana, imene pang'ono chabe imachititsa khungu kapena kupha. Womwa sangazisiyanitse ndi lilime. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa umene anthu ankautcha Ambuye Nditengeni. Amenewo anali abambo ndi ana a anthu, ngati omwe timakwera nawo basi ya ku George.

Ngakhale mayi wotcheza kachasu kuseri kwa nyumba mu komboni, amene apolisi amamuthamangitsa, ali poyera kuposa ena mwa mafakitalewa. Dramu lake mumaliona, madeya ndi shuga mumaziona, mpope wodutsa m'madzi ozizira mumauona. Mutu, mowa woyamba kudontha uja womwe ku Chamarel amaupatula, iye amaugulitsa modula, ndipo ine sindikuvomereza zimenezo. Koma munthu akadwala, komboni yonse imadziwa khomo lokagogoda. Nanga kabotolo kokhala ndi chithunzi cha mkango ndi dzina la kampani lopanda adiresi yomveka, mukagogoda kuti?

Mu Epulo 2012 boma, kudzera mwa nduna Nkandu Luo, linaletsa tujilijili, timasacheti timene ana asukulu ankabisa m'masokosi ndipo makondakitala ankayamwa dzuwa lisanatuluke. Linachita bwino. Koma sipanapite nthawi, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tapulasitiki, anyamata n'kumati junta. Tinasintha chotengera, za m'kati sitinazifunse. Mpaka lero mkangano wathu umangozungulira pa kukula kwa botolo ndi nthawi yotsegula bala.

Chondipweteka n'chakuti nzimbe tili nazo. Ku Nakambala, ku Mazabuka, akhala akulima nzimbe kuyambira m'ma 1960, ndipo popanga shuga pamatsala molasi, manyuchi akuda amene rum wambiri padziko amachokerako. Anzathu ku Malawi akhala akutcheza ethanol kuchokera ku molasi ku Dwangwa kuyambira 1982. Ku Barbados, Mount Gay imanyadira kuti inayamba mu 1703, ndipo alendo amaoloka nyanja kukaona. Ife tili ndi nzimbe, madzi a Kafue ndi achinyamata ophunzira sayansi ku yunivesite ya UNZA amene akusowa ntchito, koma palibe botolo la m'kantemba limene ndinaliona likunena munda kapena fakitale kumene sipiriti yake inachokera.

Abusa ena adzati ndikukometsera uchidakwa. Abusa, maliro a anyamatawa mumalalikira ndinu, ndipo chisoni chanu ndi changa. Koma mowawu ukupangidwa kale, mtunda woyenda wapansi kuchokera kutchalitchi kwanu. Mpanda sunaletsepo mwana aliyense kumwa. Umangoteteza wopanga amene ali ndi chobisa, ndipo wopanga wachilungamo umamuika m'gulu limodzi ndi wachinyengo.

Zambia Compulsory Standards Agency ndi khonsolo ya mzinda wa Lusaka ali ndi mphamvu pa zimenezi, mmodzi pa miyezo, wina pa malaisensi. Ndikupempha kuti botolo lililonse lilembedwe kumene sipiriti inagulidwa, nambala ya mtanda umene linadzazidwira, ndi nambala ya puloti ndi msewu wa fakitale, osati bokosi la kupositi. Zotsatira za kuyeza methanol zimatidwe pageti, panja, pamene wodutsa angawerenge. Ndipo kamodzi pamwezi geti litsegukire khansala wa wodi, namwino wa kukiliniki, tcheyamani wa msika ndi mayi aliyense wa ku Matero amene akufuna kulowa, aone madramu a sipiriti ndi mapepala ake, afunse mpaka akhutire. Fakitale yokana, laisensi yake isaonjezeredwe chaka chamawa.