Mizinda ndi Anthu Ake, Gawo Lachitatu: Mlandu wa Nambala 93

Wachinyamata akamaliza sukulu amalemba kalata yofunsira ntchito, ndipo pamwamba pa kalatayo amaikapo keyala yake. Kwa anthu ambiri keyala ndi njira chabe yoti yankho liwapeze. Koma m'dziko la France muli achinyamata amene amaopa mzere umenewu koposa mayeso, pakuti nambala ya positi yoyamba ndi 93 ikhoza kuchititsa kuti kalata yawo iikidwe pambali isanawerengedwe n'komwe.

Nambala imeneyi ndi ya chigawo cha Seine-Saint-Denis, chimene chili kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Paris, ndipo muli anthu oposa 1,600,000. Madera onse ozungulira mzinda amatchedwa banlieue pa Chifalansa. Ena mwa madera otere, monga Neuilly-sur-Seine, ndi a anthu achuma chambiri. Komabe masiku ano mawuwa akangotchulidwa, anthu ambiri amaganiza za nyumba zosanja zothaitha, chamba, umbava ndi galimoto zoyaka moto. Kodi mbiri yotereyi idachokera kuti?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ku France kudali kusowa kwakukulu kwa nyumba, pamene mafakitale ankafuna antchito ochuluka. Anthu adabwera kuchokera ku Portugal, Algeria, Morocco ndi Tunisia, kenaka ku Mali ndi Senegal. Ambiri adayamba kukhala m'zisakasa za malata, monga zimene zidali ku Nanterre. Tsono kuyambira m'zaka za m'ma 1950 boma lidamanga nyumba zosanja zikwizikwi kunja kwa mzinda, kumene malo adali otsika mtengo. Poyamba nyumbazi zidali zosiririka, popeza zidali ndi madzi, magetsi ndi chimbudzi cha m'nyumba, zinthu zimene nyumba zambiri zakale za m'kati mwa Paris zidalibe.

Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1970. Mabanja opezako bwino adasamuka kukagula nyumba zawozawo, ndipo adatsala ndi amene adalibe kolowera. Mafakitale adayamba kutsekedwa limodzilimodzi. Fakitale yaikulu ya galimoto za Citroën ku Aulnay-sous-Bois, imene idatsegulidwa mu 1973, idatulutsa galimoto yake yomaliza mu 2013. M'chaka chomwecho cha 1973 udatha kumangidwa mseu waukulu wa makilomita 35 wozungulira Paris, umene udadutsa m'malo mmene kale mudali linga la mzindawo. Linga lidagwa, koma malire adatsala. Tauni ya Clichy-sous-Bois, imene ili pa mtunda wa makilomita 15 okha kuchokera ku Paris, idakhala zaka zambirimbiri yopanda siteshoni ya sitima, kotero kuti wantchito ankatha ola lathunthu ndi kuposerapo kuti afike mumzinda.

Ku Clichy-sous-Bois komweko, pa 27 October 2005, anyamata awiri, wa zaka 15 ndi wa zaka 17, adafa ndi magetsi atabisala m'malo a makina a magetsi pothawa apolisi. Masiku awiri izi zisanachitike, nduna yoona za m'dziko, Nicolas Sarkozy, adali atatchula achinyamata ena a ku Argenteuil ndi mawu akuti racaille, ndiye kuti anthu achabechabe. Zipolowe zidabuka ndi kufalikira m'dziko lonse kwa masabata atatu, ndipo galimoto pafupifupi 10,000 zidatenthedwa. Zoterezi zidachitikanso mu June 2023, wapolisi atawombera ndi kupha mnyamata wa zaka 17 ku Nanterre.

Palibe angakane kuti m'maderawa muli umbanda ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo, ndipo oyamba kuzunzika nazo ndi eni ake okhala kumeneko. Cholakwika n'chakuti zochita za anthu ochepa zasanduka dzina la anthu onse, monga mwa mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mwambiwu ndi woona pa nsomba za mudengu, koma pa anthu umabala chisalungamo. Atolankhani amathamangira kumaderawa moto ukayaka. Safikako mbandakucha, pamene amayi ndi abambo zikwizikwi adzaza m'mabasi ndi m'sitima kupita kukasesa maofesi, kukasamala odwala ndi kukaphika m'mahotela a mu Paris. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, chigawochi chidali m'gulu la zigawo zimene zidataya anthu koposa, pa zifukwa zina chifukwa ambiri mwa anthu ake adali pa ntchito zosatheka kugwirira kunyumba.

Choopsa cha mbiri yoipa n'chakuti imadzibala yokha. Wolemba ntchito akakana keyala, ulova umakula. Ulova ukakula, anthu amati malowo ndi a anthu aulesi. Sukulu nazo zimalowa mumsampha womwewo. Aphunzitsi odziwa ntchito amapempha kusamutsidwa, ndipo m'malo mwawo mumabwera ongoyamba kumene, amenenso amawerenga masiku oti achoke. Mu 2018 aphungu awiri a Nyumba ya Malamulo adalemba lipoti loonetsa kuti chigawochi, ngakhale ndi chosauka koposa zigawo zinzake za kumtunda kwa France, chinkachepekedwa pa nkhani ya maphunziro, upolisi ndi makhoti. Motero mwana wa kumeneko amalangidwa kawiri: amalandira zochepa, kenaka amanyozedwa chifukwa cha zochepazo.

Eni malo sadakhale chete. Mu 2009 akuluakulu a tauni ya La Courneuve adakadandaula kubungwe la boma loona za tsankho kuti anthu awo akusalidwa kaamba ka malo okhala. Mu February 2014 lamulo lidasinthidwa, ndipo kusala munthu chifukwa cha kumene amakhala kudakhala mlandu. Mu 2019 njanji yatsopano idafika ku Clichy-sous-Bois, ndipo mu 2020 boma lidakhazikitsa mphatso ya ma euro 10,000 kwa aphunzitsi, apolisi ndi antchito ena a boma amene akhala zaka zisanu m'chigawomo osachoka.

Chodabwitsa n'chakuti dziko limanyadira ana a maderawa akapambana. Kylian Mbappé, katswiri wa mpira, adakulira ku Bondy, m'chigawo cha 93 chomwecho, ndipo bwalo la Stade de France, pamene France idatengera chikho cha dziko lonse mu 1998, lili ku Saint-Denis. Koma si mwana aliyense angamenye mpira ngati Mbappé. Ambiri akufuna ntchito wamba ya ukalaliki, unamwino kapena umakaniko, ndipo lamulo la 2014 silingalowe mumtima mwa munthu amene watsegula envulopu ali yekha muofesi. Iyeyo ndiye ayenera kusankha kuwerenga kalata yonse kapena kuima pa keyala.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za sukulu za m'maderawa ndi aphunzitsi amene adasankha kukhala.