Chichewa chili ndi malamulo ake, musanamize anthu

Akonzi,

Zandipweteka zimene mlembi wanu analemba sabata yatha, kuti Chichewa n'chosalongosoka chifukwa timasinthasintha malo a mawu, pomwe Chingerezi chili ndi dongosolo. Limenelo ndi bodza.

Taonani: "Njoka yamuluma mlimi." "Mlimi yamuluma njoka." "Yamuluma mlimi njoka." Monsemu wolumidwa ndi mlimi yemweyo. Ka "ya" kakuloza njoka, ka "mu" kakuloza mlimi, ndiye mneni wanena kale woluma ndi wolumidwa. Chotsani "mu" uja muone: mlimi ayenera kutsatana ndi mneni basi. Kodi limenelo si lamulo? Akatswiri a zinenero Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anazifotokoza bwino zimenezi mu 1987.

Mngerezi sasuntha mawu chonchi chifukwa mneni wake alibe zizindikiro zotere. Iye akangosinthanitsa mayina awiriwo, mlimi ndiye waluma njoka.

Ndiponso dongosolo lakelo si la dziko lonse. Chijapani chimaika mneni kumapeto, chinenero cha ku Wales chimayamba ndi mneni, pomwe cha ku Madagascar chimathera ndi mwininkhani.

Aphunzitsi amawerenga nyuzipepala yanu. Konzani nkhaniyo isanafike m'kalasi.

Wowerenga wanu,
Zomba