Mipando ya agogo si nkhuni, ndi mpamba

Sabata yatha ndidapita kukazonda bambo anga aang'ono m'dera la Inkosi Champiti kuno ku Ntcheu. Nditangofika pabwalo, maso anga adagwera pa tebulo lina lomwe lidali kuseri kwa khitchini. Pamwamba pake padali mapoto ndi mbale zoyanika, pansi pake nkhuku itakhalira mazira. Nditalipukuta ndi dzanja n'kuyesa kulinyamula, ndidadziwiratu kuti ndi mlombwa weniweni. Adandiuza kuti agogo adalikhometsa atabwera ku Joni, ine ndisadabadwe. Vuto lake ndi mwendo umodzi wokha umene ukugwedera.

Pabalaza padali disipule yonyezimira yomwe adagula zaka ziwiri zapitazo atagulitsa mbatata. Denga litadontha m'dzinja lapitali, m'munsi mwake mudatupa ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo chitseko chimodzi chidagwa poti misomali idasowa pogwira. Nditawafunsa za tebulo lapanja lija, adangoti: "Aaa, limenelo likatheratu tidzawaza nkhuni."

Anzanga a geni, nkhani yanga lero yagona pamenepa. M'midzi mwathu muli katundu wa matabwa olimba amene tikumuwola dala, pamene ndalama zathu zikuthera pa katundu wonyezimira wosakhalitsa. Ine ndikuti wamalonda wochenjera, kaya ndi kalipentala, telala kapena wogulitsa ziwiya, ayambe kuona katundu wakaleyu ngati mpamba. Akamukonza bwino n'kumuphatikiza ndi zinthu zamakono, ali ndi msika, ndipo msikawo udutsa pakhomo pathu pomwe tsiku ndi tsiku pamsewu wa M1.

Tiyambe ndi kumene katunduyu adachokera. Amuna ambiri a ku Ntcheu, monga a maboma ena, adapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ena ku Zimbabwe. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, n'kudzatheratu mu 1988. Pobwerera, abambowo ankabwera ndi mabokosi achitsulo, makina osokera a Singer, njinga ndi ndalama zokhometsera tebulo, kabati, bedi ndi mpando wa ndalema. Nthawi imeneyo mlombwa ndi mbawa sizidali zosowa, ndipo mmisiri sankaumira thabwa.

Lero zinthu zasintha. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, udatsala pang'ono kutheratu, moti kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phirimo. Mlombwa ndi mbawa nazo zikusowa, ndipo lamulo la zankhalango la 1997, lomwe adalikhwimitsa mu 2020, silisekerera munthu wopezeka ndi matabwa a mitengo yachilengedwe popanda chilolezo. Akalipentala ambiri tsopano amadalira paini ndi bulugama. Kumbali ya katundu wochokera kunja, tonse tikukumbuka kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse cholowa pachipata cha dziko chidakwera mtengo. Choncho thabwa la mlombwa lomwe lili kale m'mudzi, louma bwino kwa zaka 40 kapena 50, ndi chuma chimene simungachipeze pamtengo womwewo kwina kulikonse.

Wina anena kuti: "Makasitomala athu amafuna zatsopano. Munthu akagulitsa fodya kapena nandolo amafuna anzake aone kuti wagula chinthu cha m'sitolo." Izi n'zoona, ndipo sindikutsutsa. Kwa anthu ambiri mpando wakale ndi chizindikiro cha umphawi. Koma kasitomala si mmodzi. Pali aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito paboma amene adagulapo katundu wa utuchi wopanikiza n'kumuona akufumbutuka pa samuko woyamba. Pali eni malo ogona alendo ndi malesitilanti amene amafuna malo awo azioneka mosiyana ndi a anzawo. Palinso apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amene amaima kale pa Lizulu, pa Tsangano Turn Off ndi pa Kampepuza kugula kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere. Munthu woima ndi galimoto yake kugula ndiwo akhoza kuimanso ataona tebulo lokongola.

Umboni woti zathu zachikale zili ndi msika suli patali. Mpando wolukidwa ndi nsungwi umene timauona m'mbali mwa misewu ku Blantyre umagulitsidwa m'masitolo apamwamba a ku Johannesburg ndi Cape Town, ndipo kumeneko amautchula ndi dzina la dziko lathu lomwe. Amauika pafupi ndi sofa yamakono, pakhoma loyera, anthu n'kumaulipira ndalama zambiri. Ku Mua m'boma la Dedza, malo a Kungoni omwe adayambitsidwa ndi bambo Claude Boucher mu 1976 akhala akukopa alendo ndi zosema za amisiri akumudzi. Ngati akunja akuona phindu pa luso la makolo athu, ife eni ake tikuchitiranji manyazi?

Tsono chinsinsi chili pa kuphatikiza. Simungadzaze chipinda ndi zakale zokhazokha, chingaoneke ngati nyumba yosungiramo zinthu za mbiri. Lamulo losavuta ndi ili: chinthu chimodzi kapena ziwiri zakale zooneka bwino, zina zonse zikhale zopepuka ndi zamakono. Tebulo la mlombwa limakhala bwino ndi mipando yachitsulo yowotcherera yopakidwa penti wakuda. Bokosi lachitsulo la ku Joni, mukalichotsa dzimbiri n'kulipaka penti, limasanduka tebulo lapakati pabalaza, m'kati mwake n'kumasungamo mabulangete. Miyendo yachitsulo ya makina osokera amene mutu wake udafa, mukaikapo thabwa losalala pamwamba, ndi tebulo loikapo galasi mu saluni kapena TV pabalaza. Mpando wa ndalema umangofuna nsalu yatsopano yolimba ndi katsamiro ka chitenje. Mtondo wong'aluka umene amayi adausiya umadzalidwa maluwa pakhonde la lesitilanti. Malichero atatu osiyana kukula, atapachikidwa pakhoma lopaka laimu pansi pa babu la sola, amakongoletsa kuposa kalendala ya chaka chatha.

Apa muona kuti geni imeneyi si ya munthu mmodzi. Kalipentala akonza mwendo, wowotcherera apanga mipando, telala asoka mitsamiro, woluka abweretsa malichero ndi mikeka, wa kabaza anyamula. Tebulo limodzi likhoza kudyetsa mabanja asanu a pamsika umodzi.

Koma musathamange kukagula chilichonse chakuda ndi utsi. Safunsa adadya phula. Poyamba nyamulani: mlombwa ndi mbawa zimalemera kuposa paini, ndipo paini amakhala woyererako ndi mfundo zambiri. Chachiwiri, yang'anani kumbuyo ndi kunsi. Thabwa lenileni limaonetsa mizere ya mtengo mpaka m'mphepete, pamene la utuchi wopanikiza limaoneka ngati gaga woumbidwa, lomatidwa pepala pamwamba. Chachitatu, onani polumikizira. Mmisiri wakale ankaboola thabwa n'kulowetsamo linzake, ndipo katundu wotere amakonzeka ndi guluu basi. Wongokhomedwa misomali amavuta. Chachinayi, gogodani ndi chala n'kuyang'ana pansi. Mukaona timabowo ting'onoting'ono tikutuluka ufa, thabwalo lafumbwa ndipo tizilombo tikadali m'kati. Likamveka ngati ng'oma, chiswe chidadya kale. Zotere zisiyeni, pokhapokha ngati mbali yowonongekayo ndi yaing'ono yoti n'kuidula.

Pokonza, cholakwa chachikulu chimene ndimaona ndi kupaka penti wonyezimira pa thabwa labwino. Mukatero mwakwirira chinthu chomwe kasitomala amalipira. Tsukani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi sopo, lisiyeni liume pamthunzi, osati padzuwa poti lingang'aluke. Kwechani ndi sandipepa motsata mizere ya thabwa, kuyamba ndi wokhakhala n'kumalizira wosalala. Kenaka pakani vanishi wosabisa mtundu wa thabwa, mopyapyala, kawiri, kudikira woyamba aume. Zipsera zing'onozing'ono musalimbane nazo, ndizo zimasonyeza kuti chinthucho n'chakaledi. Zogwirira zamkuwa zikapezeka musazitaye, zipukuteni ndi mandimu ndi phulusa.

Nanga mtengo? Tiyerekeze chabe, poti mitengo ikusintha sabata ndi sabata. Mwagula tebulo pa K30,000. Kalipentala watenga K15,000, sandipepa, guluu ndi vanishi zadya K20,000, mayendedwe ndi chiphaso cha msika K10,000. Mwalowetsa K75,000 musadawerengere masiku anu. Musadatchule mtengo, pitani mukafunse kuti tebulo latsopano la paini la msinkhu womwewo likugulitsidwa bwanji pa Ntcheu boma kapena ku Balaka. Lanu la mlombwa lisatsike kuposa pamenepo, ndipo siyani malo oti kasitomala anenerere. Ngati masamu akukana, musagule, ngakhale tebulolo likongole bwanji.

Kumbukiraninso kuti katunduyu sayenda msanga ngati tomato. Akhoza kukhala mwezi kapena iwiri osagulidwa. Choncho musaike mpamba wonse pamenepa, ndipo musatenge ngongole ya banki m'khonde yobweza pakutha pa mwezi kuti mugulire kabati. Yambani ndi chinthu chimodzi, makamaka cha pakhomo panu pomwe. Chijambuleni masana, pakhoma loyera, musadakonze ndi mutakonza, n'kuika zithunzizo pa WhatsApp ndi Facebook. Wofuna kuti mumusungire apereke kaye theka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba.

Tsopano ndifike pa mbali imene ikundidetsa nkhawa, chifukwa geni imeneyi ili ndi minga yake. Pali kusiyana pakati pa kugula ndi kulanda. Agogo amene sadziwa mtengo wa mlombwa akhoza kukupatsani kabati posinthana ndi beseni lapulasitiki ndi paketi ya shuga. Mwina mungasangalale tsiku limenelo, koma adzukulu awo akadzaona kabati yomweyo pa foni ili pa mtengo wa mbuzi zitatu, dzina lanu latha m'mudzimo, ndipo khomo lililonse lidzakutsekerani. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Auzeni eni ake chilungamo kuti mukukakonza n'kugulitsa, ndipo perekani mtengo woti mukadzakumana pamaliro mudzapatsane moni.

Chachiwiri, katundu wamasiye ali ndi eni ake ambiri. Mnyamata mmodzi wofuna ndalama ya mowa akhoza kukugulitsani bedi la malemu bambo ake, mayi ake ndi alongo ake osadziwa. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, ndipo wogula naye savuta kukokeredwa m'bwalo. Musagule pakhomo pomwe pagwa maliro posachedwa. Funsani amene ali ndi ulamuliro pa katunduyo, mwinimbumba adziwe, ndipo lemberanani kalata yosainidwa pamaso pa mboni kapena a nyakwawa. Kalata yomweyo idzakuthandizani pa rodibuloko akadzakufunsani kumene mwatenga katundu wa mlombwa.

Chachitatu, si chakale chilichonse chili malonda. Kuno ndi kwa Angoni. Zishango, nthungo, zibonga ndi zovala za ngoma zimene mabanja amasunga, zomwe timaziona pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo chaka ndi chaka, si zokongoletsera malo omwera mowa. Chimodzimodzi mpando wa ufumu ndi zinthu za kumanda kapena kudambwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu za mbiri yakale, ndipo kuzitulutsa kunja popanda chilolezo cha boma n'kulakwa. Mlendo akafuna chishango, muuzeni mmisiri amupangire chatsopano, ndalama ilowe m'thumba la wamoyo.

Ena amaopa kugona pa bedi kapena kukhala pampando wa munthu amene adamwalira. Kasitomala wotere musamunamize kuti katunduyo ndi watsopano, ndipo musamuseke. Muonetseni china. Amene amafuna zakale amafunsa okha mbiri yake, ndipo mukawauza kuti tebulo ili lidakhomedwa ndi ndalama za ku migodi m'zaka za m'ma 1960, mtengo sauvutanso. Koma nenani zokhazo zimene eni ake adakuuzani, osapeka.

Ngakhale amene simukufuna kugulitsa mipando, nkhaniyi ikukukhudzani. Mwini tiyirumu, saluni kapena golosale, musadakatenge ngongole yogulira mashelefu onyezimira, yang'anani kaye zimene zili m'nyumba ya kwanu. Benchi lolimba lakale, khoma lopaka laimu, nsalu ya chitenje yoyera bwino ndi kuwala kokwanira zimakopa kasitomala pamtengo wochepa. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za tebulo la bambo aang'ono lija, sindidaligule. Tidagwirizana kuti ndilipire kalipentala wa pafupi akonze mwendo, nkhuku tiipezere chisa china, tebulolo libwerere pabalaza. Akadzafuna kuligulitsa, adzagulitsa akudziwa mtengo wake. Inunso Loweruka likubwerali, musadapite kukapikula katundu, zungulirani kuseri kwa khitchini ya kwanu muone chimene mbale zikuyanikidwapo.