Tisamasule sikafu yoyamba

Kumayambiriro kwa teremu ino, ife ophunzira asanu a zauphunzitsi tidapempha mayi wina wa Dorika kuti atiphunzitse kuluka. Lamlungu lililonse masana tinkakhala pakhonde la tchalitchi, aliyense atagwira singano ziwiri ndi ulusi wa wulu. Tidayamba ndi sikafu poti amati ndiyo yosavuta: masitichi 30, mzere uliwonse kuluka mofanana, mpaka itatalika.

Mlungu watha tidamaliza. Kunena zoona, palibe sikafu yathu imene ingagulidwe pamsika. Ina idayamba ndi masitichi 30 koma idathera pa 37, chifukwa mwini wake ankabaya ulusi pakati n'kupanga masitichi awiri pamene payenera kukhala imodzi. Ina ili ndi mabowo atatu pamene sitichi idapulumuka pasingano osaoneka. Zonse n'zolimba ngati chiguduli koyambirira, poti tinkakoka ulusi ndi mantha, ndipo zikufewa chakumapeto, manja atazolowera.

Kangapo tidafuna kumasula zonse n'kuyambiranso. Amayi aja ankakana. Ankatilola kubwerera mzere umodzi kapena iwiri kuti tikonze cholakwa cha pompo, koma za dzulo ankati zisiyeni, pitirizani. Poyamba tinkaona ngati akutilekerera. Lero tikuti adachita bwino, ndipo tikukhulupirira kuti aliyense wofuna kudzagwira choko ayenera kudutsa pamenepa.

Ambiri a ife tidafika kuno chifukwa mayeso ankatiyendera. Tidazolowera kumva msanga, moti tidaiwala mmene zimapwetekera kuuzidwa chinthu kanayi koma manja osamva. Pakhonde paja tidakumbutsidwa. Amayi aja amaluka akucheza, osayang'ana n'komwe, pamene ife thukuta lili kamukamu pa mzere umodzi. Akadatiseka ngakhale kamodzi, ena a ife sakadabweranso.

Posachedwa tidzaima pamaso pa ana ambirimbiri. Pakati pawo padzakhala mwana wogwira pensulo molimba ngati mmene ife tinkagwirira singano. Mphunzitsi wong'amba tsamba lililonse lolakwika amaphunzitsa mwanayo kuopa kuyamba. Amene amamulola kufika kumapeto amamupatsa choti aone ndi maso ake: apa udali wosadziwa, apa wayamba kudziwa. Sikafu yomasulidwa tsiku ndi tsiku siisunga umboni umenewu. Ndiponso kutseka masitichi omaliza kuti ntchito isamasuke ndi luso palokha, ndipo amaliphunzira yekhayo amene wafika kumapeto.

Anzathu ena akuti tikutaya nthawi, poti pakaunjika juzi yotentha imapezeka osavutikira. Pa mtengo akunena zoona, sititsutsa. Koma ife sitidapite pakhonde paja chifukwa chosowa chofunda. Ndipo tisaiwale kuti kupulayimale ntchito zamanja zili m'phunziro la Expressive Arts, ndiye kuti wina wa ife adzayenera kuziphunzitsa. Kodi adzalemba pabolodi chinthu chimene manja ake sadachigwirepo? Ena akuti kuluka ndi ntchito ya amayi. Mwa ife asanu, awiri ndi anyamata, ndipo sikafu yowongoka kuposa zonse ndi ya mmodzi wa iwo.

Sitikunena kuti zolakwa n'zabwino. Ntchito yathu yachiwiri ndi tizipewa ta makanda, ndipo pamenepo bowo sitidzalilola, chifukwa khanda likufunika kufunda. Koma tafika poyesa tizipewato chifukwa sikafu tidaimaliza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho inu amene mudasiya choluka chanu m'sutikesi chifukwa chidakhota, kachitengeni. Bwerani nacho pakhonde Lamlungu likudzali. Ife tidzakhala tavala masikafu athu okhotawo, ndipo June akamazizira mudzationa nawo m'kalasi, mabowo ali poyera.