Gitala wa ku Finland pa msewu wa ku Petauke

Tinaima pa Nyimba kugula nthochi, monga achitira aliyense woyenda pa msewu wa Great East. Basi itanyamuka, mwana wa mlongo wanga anandipatsa mahedifoni ake nati, "Amalume, tamvani iyi, koma musavule mpaka ithe." Ine ndinkayesa ndi kanyimbo ka mphindi zinayi ngati za pa wayilesi. Pamene inkatha, tinali tikudutsa pa Minga.

Chinali chimbale cha Winter's Gate, chimene gulu la Insomnium la ku Joensuu, m'dziko la Finland, linatulutsa mu 2016. Chimbale chonsecho ndi nyimbo imodzi ya mphindi 40. Woimba wawo, Niilo Sevänen, anayamba walemba nthano ya amalinyero akale amene anapita kukafuna chisumbu nyengo yachisanu ili pafupi, kenako anzakewo anaiveka magitala. Poyamba mawu ake anandidzidzimutsa, chifukwa munthuyo amabangula kuchokera pansi pa mmero. Ndikudziwa kuti kwathu kuno ambiri akamva zotere amati ndi za Satana. Koma nditapirira pang'ono ndinazindikira kayendedwe kake: imakwera, imatsika, imakhala phee, kenako imabwerera ndi ukali, ndendende mmene agogo ankakokera nthano usiku pa moto.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikumvera zimbale za ku Finland za pakati pa 2010 ndi 2019, ndipo chimene chandigwira mtima ndi kumene anthuwa amatunga. A Amorphis, m'zimbale za Under the Red Cloud ya 2015 ndi Queen of Time ya 2018, amaimba mawu olembedwa ndi Pekka Kainulainen, amene mizu yake ili mu Kalevala. Kalevala ndi ndakatulo za makolo awo zimene dokotala wina, Elias Lönnrot, anasonkhanitsa poyenda m'midzi n'kuzisindikiza mu 1835. A Moonsorrow anaimba Jumalten aika ya 2016 m'chinenero chawo, osadera nkhawa kuti akunja samva. Ndipo ena mwa magulu amenewa ndi a kumidzi ndithu. Nightwish, imene inatulutsa Endless Forms Most Beautiful mu 2015, inayambira ku Kitee, katauni ka anthu pafupifupi 10,000. Stam1na ndi ya ku Lemi, kumene kuli anthu pafupifupi 3,000 okha. Boma la Petauke lili ndi anthu ochuluka kutalitali kuposa pamenepo.

Mnyamatayo ankaganiza kuti gitala wolira mwaukali chonchi ndi wa azungu okha. Apa m'pamene ndinamukhazika pansi. M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali ndi nyimbo zakezake za magitala aukali zotchedwa Zamrock. Kunali WITCH ya Jagari Chanda, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Amanaz imene inatulutsa chimbale cha Africa mu 1975. Kunalinso Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene Day of Judgement yawo ya 1976 imalemera m'makutu mpaka lero, ndipo ankaimbanso m'Chinyanja chathu chomwechi. Boma la a Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wayilesi zikhale za m'dziko muno, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola ankatulutsa zimbale. Kenako mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa, Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, Jagari anapita kukakumba miyala yamtengo wapatali.

Zimandiwawa kuti zimbale zimenezi zinatibwerera kudzera ku America, kampani ya Now-Again itazitulutsanso. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family, Nizakupanga Ngozi, n'kuchiika mu nyimbo yake ya Noid. Mwana wa mlongo wangayo Noid ankaidziwa bwino, koma chimbale cha 45,000 Volts cha 1977, kumene chigawocho chinachokera, anali asanachimvepo. Sindimuimba mlandu. Ndi ife akuluakulu amene sitinamuuze.

Nanga pa zotunga, ife tikusowa chiyani? Mu 1961 katswiri wa nyimbo John Blacking anabwera ku Petauke kudzaphunzira kalimba wa Ansenga, ndipo analemba za kaimbidwe kake. Chaka chilichonse pa mwambo wa Tuwimba, kwa mfumu Kalindawalo, ng'oma zimalira mwamphamvu moti gitala aliyense angazitsatire. Nyimbo za pamtondo zimene amayi athu ankadandauliramo za ukwati, njala ndi apongozi zili ndi mkwiyo ndi chisoni chofanana ndi chimene ndinamva mu Winter's Gate. Koma zigayo zachuluka, mitondo ikukhala chete, ndipo oziimba akutha mmodzimmodzi.

Mnyamatayo ali ndi gitala wa zingwe zisanu, chachisanu ndi chimodzi chinaduka kale. Ndamulonjeza zingwe zatsopano ndikapita ku Lusaka, iye wandilonjeza kuti Loweruka apita kumudzi ndi foni yake kukajambula agogo ake akuimba za pamtondo. Agogowo titawaimbira foni anafunsa ngati tikufuna zonse kapena zokhazo zoyenera kumva ana. Tawauza kuti zonse.